Ulendo wa ku Zanzibar m'nyengo yotentha: ndilongedze chiyani, ndikavale bwanji?

"Ndine mayi wa ku Nchalo. Kuntchito andisankha kuti ndikachite nawo maphunziro a masiku 5 ku Zanzibar mwezi wa Febuluwale, ndipo bambo akunyumba akufuna kundiperekeza kuti pobwerera tikapikule katundu kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Tiyenda pa basi kudzera pa Songwe, ulendo wonse ndi wa masiku 12. Anzanga ena akundiopseza kuti kumeneko ndikapanda kuvala chakuda chofika kumapazi akandigwira. Ena akuti kumatentha zedi, ndingotenga zopanda manja. Ine kutentha sindikuopa, ndakulira muno m'chigwa. Koma ndilongedze chiyani? Nanga abambowa, amene sasiyana ndi kabudula, akavale bwanji?"

Mayi, mtima m'malo, palibe amene akakugwireni chifukwa chosavala chakuda. Chovala chakuda chija, chomwe eni ake amati buibui, n'cha amayi achisilamu a kumeneko, ndipo mlendo sakakamizidwa kuchivala kapena kuphimba tsitsi poyenda mumsewu. N'zoona kuti pafupifupi anthu onse ku Zanzibar, chilumba cha dziko la Tanzania, ndi Asilamu, n'zoonanso kuti boma lawo limafuna kuti alendo aziphimba mapewa ndi mawondo akakhala m'tauni ndi m'midzi, moti mu 2021 linachita kulengeza kuti ophwanya zimenezi azilipitsidwa chindapusa. Koma mayi wa m'chigwa muno, amene satuluka pakhomo opanda chitenje, theka la ntchito waimaliza kale. Zotsala n'ziwiri, ndipo anzanu onse aja sanazigwire: kutentha kwa kumeneko si mtundu wa kutentha kwathu, ndiponso malo a thupi amene iwo amawasamala pophimba si omwe ife timayambira.

Tiyambe ndi kutenthako, poti mwati simukuopa. Ku Ngabu ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Ku Zanzibar mu Febuluwale masana kumakhala cha m'ma 32 kapena 33, usiku cha m'ma 24. Pongoyang'ana manambala mukhoza kuseka. Koma dzuwa lathu la mu Okutobala n'louma: thukuta likatuluka limauma pompo, ndipo kuumako n'kumene kumaziziritsa thupi. Chitenje chochapa m'mawa chimauma musanamalize kuphika ndiwo. Pachilumba chija mpweya ndi wodzaza kale ndi chinyezi cha m'nyanja, thukuta lilibe kolowera, limangokhala pakhungu. Kuti mumvetse, kumbukirani tsiku la mu Januwale kufupi ndi dambo la Ndindi, mvula itagwa usiku kenako dzuwa n'kuswa mtengo pa nthaka yonyowa. Kumeneko zimakhala choncho usana ndi usiku. Ndiye funso loti chovala chikhale chachifupi kapena chachitali lili pambuyo. Loyamba n'loti nsaluyo ndi yamtundu wanji, ndipo mphepo ikupita bwanji pakati pa iyo ndi khungu.

Nsalu yoyenera ndi ya thonje lenileni, lomwelija timalima kunoli, yopyapyala koma yolukidwa mothithikana. Vuto n'lakuti zitenje zambiri zotsika mtengo zomwe zadzaza m'misika ya Dyeratu, Nchalo ndi Bangula n'za poliyesita, ngakhale wogulitsa alumbire. Poliyesita samwa thukuta. Amalisunga pakhungu, amamata, ndipo pofika masana amanunkha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Sololani ulusi pang'ono m'mphepete mwa nsalu, muugwire ndi kachitsulo, muuyatse ndi machesi muli panja. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa lomwe limafufutika m'zala. Poliyesita amafwanyala pothawa moto, amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kachibulu kakuda kolimba. Nsalu yosakaniza imachita zonse ziwiri. Pa kaunjika musavutike ndi machesi, ingowerengani kachikwangwani ka m'kati mwa chovala: cholembedwa kuti "100% cotton" kapena "linen" tengani. Cholembedwa "viscose" kapena "rayon" chimazizira bwino pathupi ndipo n'chopepuka, koma chimafooka chikanyowa, chimafupika pochichapa koyamba, ndiponso chimaonetsa thukuta kwambiri, choncho chikhale chamaluwamaluwa. Chitenje chatsopano, ngakhale cha thonje, chichapeni kawiri musananyamuke kuti sitachi wa kufakitale achoke, chifukwa iyeyo amatseka timabowo ta nsalu.

Mukasankha nsalu, nkhondo yotsala ili kwa atelala. Atelala athu ambiri akamasoka chilundu chopita nacho kumsonkhano amachithinitsa kuti chigwire thupi, n'kuikamo lainingi wa nayiloni wonyezimira uja. Mukatero mwataya ndalama za thonje lanu, poti chomwe chikukhudza khungu ndi nayiloniyo. Auzeni asaike lainingi, kapena aike wa thonje wopyapyala kuyambira m'chiuno mokha. Pachifuwa ndi m'chiuno awonjezere masentimita 8 mpaka 10 pa muyeso wanu, m'khwapa mukhale motakasuka moti mkono ukwere popanda bulauzi kukwera nawo. Manja afike m'chigongono. Siketi ifike pakati pa katumba kapena kutsikirapo, ndipo muiyese mutakhala pampando wotsika, chifukwa siketi yomwe imaphimba mawondo mutaima imawasiya pamtunda mukakhala. Mpata wakumbuyo uja usapitirire kuseri kwa bondo. Ngati siketi ikulepheretsa kuponya mwendo, ndi bwino aitambasule m'munsi kusiyana n'kuing'amba. Mamita 2 amakwana siketi imodzi yowongoka, ndipo mamita 4 amatulutsa diresi lalitali lamanja lotakasuka.

Tsopano za ulemu. Kwathu kuno maso a anthu ali kuyambira m'chiuno kutsika. Mayi akamanga chitenje, pamwamba akhoza kuvala bulauzi ya tizingwe kapena yotsika khosi, n'kupita kumsika kapena kuyamwitsa mwana m'minibasi, palibe wodabwa. Akuluakulu amakumbukira lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe linkaletsa amayi buluku ndi siketi zazifupi mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nalonso linkalimbana ndi miyendo. Ku Zanzibar miyendo amaisamala, inde, koma mapewa, m'khwapa, pachifuwa ndi msana n'zazikulu chimodzimodzi. Apa m'pamene amayi a kwathu amapunthwa mosadziwa: m'munsi chitenje chabwinobwino mpaka m'kakolo, pamwamba mapewa ali pamtetete. Palibe akakulalatireni, anthu a kumeneko ndi aulemu, koma mukaona wogulitsa akuyankha mwachidule maso ali kumbali, kapena mayi wachikulire akukusonyezani mpango wake. Choncho zopanda manja zija zisiyeni, kapena zikhale zovalira m'kati. Khosi la bulauzi muliyese mutawerama patsogolo pa galasi. Izi n'zofunika chifukwa daladala zambiri za pachilumbapo ndi malole aang'ono a denga lotsika, okhala ndi mabenchi m'mbali, ndipo munthu amalowamo chowerama anthu onse akumuyang'ana. Buluku mayi akhoza kuvala, bola likhale lotakasuka ndipo bulauzi itsike kuphimba matako. Zothina zomata thupi, ngakhale zifike m'kakolo, kumeneko amaziona ngati munthu sanavale, komanso n'zomwe zimatentha koposa.

Musapusitsidwe n'kuganiza kuti kuphimba thupi n'kuwonjezera kutentha. Chovala chachitali chotakasuka chimatchinga dzuwa kuti lisawombe khungu, ndipo poyenda chimakupiza mphepo m'kati. Taonani abambo a kumeneko ndi mikanjo yawo yoyera yomwe amati kanzu. Si chipembedzo chokha, nyengonso inawaphunzitsa.

Pali kanthu kena komwe ambiri amakazindikira mochedwa. Nsalu yopyapyala yowala imaonekera m'kati dzuwa likakhala kumbuyo, ndipo ikanyowa ndi thukuta imaonekera kawiri. Valani chovala chilichonse, muime pakhomo masana msana uli kunja, wina akuyang'aneni ali m'nyumba. Ngati miyendo ikuoneka, pafunika pitikoti wa thonje. Pansi pa bulauzi yoyera musavale zam'kati zoyera, zimawala pakhungu lathu. Valani zofiirira kapena zakuda. Mitundu yopanda maluwa monga yotuwa ndi yobiriwira mopepuka imajambula thukuta la m'khwapa ndi lamsana moonekera patali, pomwe chitenje cha maluwa ambiri chimabisa zonsezo.

Nanga zingati? Masiku 12 safuna zovala 12. Ine ndingati madiresi kapena zilundu ziwiri za kumaphunziro, siketi zazitali ziwiri zamtundu umodzi wosavuta kuphatikiza, mabulauzi anayi oti iliyonse igwirizane ndi siketi zonse ziwiri, ndi buluku limodzi lotakasuka la paulendo wa basi. Zam'kati ndiye musaumire: mapanti a thonje 7 kapena 8, mabra atatu, chifukwa mukasintha kawiri patsiku, ndi timakabudula tam'kati tiwiri tofika pakati pa ntchafu toteteza kukhulana kwa ntchafu, komwe m'chinyezi muja kumasupula khungu tsiku limodzi lokha. Zitenje zomanga zikhale ziwiri. Chimodzi musokerere tizingwe m'makona apamwamba kuti chizimangika ngati epuloni. Padoko ndi pasitima yowolokera ku Zanzibar pamawomba mphepo, manja anu adzakhala ali ndi katundu, ndipo chitenje chongopisira m'chiuno chimamasuka nthawi yolakwika. Onjezani mpango umodzi waukulu wopepuka, wa mamita pafupifupi 2 m'litali, wosiyana ndi duku. Umenewo uzikhala m'chikwama cha m'manja nthawi zonse: pamapewa mukalowa m'mudzi, kumutu mukaitanidwa kunyumba ya munthu kapena mukakumana ndi maliro, pakhosi m'chipinda chozizira. Mukafika mukhoza kugula kanga, nsalu yonga chitenje, pamsika wa Darajani. Amagulitsa ziwiriziwiri zolumikizana, ina yomanga ina yofunda, ndipo za thonje zimapepuka kuposa chitenje. Kungoti kanga iliyonse imakhala ndi mawu a Chiswahili m'munsi, ena odalitsa, ena ozazira mkazi mnzako, choncho funsani tanthauzo musanalipire.

Kumutu, wigi ndi wivi wautali zisiyeni. Pansi pake pamasonkhana thukuta, mutu umayabwa, ndipo simudzapeza nthawi yozisamalira. Lukani mizere yogona kapena meshi yaifupi masiku atatu musananyamuke kuti kuwawa kuthe muli kunyumba. Mafuta olemera odzola thupi lonse, monga Vaseline ndi gilisalini zomwe zimatithandiza mu Juni khungu likamatuwa, kumeneko zimatseka timabowo ta thukuta n'kuyambitsa tizilonda toyabwa m'khosi, pansi pa mabere ndi m'chiuno. Dzolani loshoni wopepuka, Vaseline akhale wa pakati pa ntchafu ndi kuzidendene basi.

Abambo nawo amve. Kabudula wofika m'mawondo ndi wa kugombe ndi pahotela. M'tauni ya Stone Town, kumsika, m'midzi ndi m'maofesi avale buluku. Maofesi ambiri a boma ku Tanzania amabweza pakhomo munthu wovala kabudula, vesiti kapena siketi yaifupi. Kuyenda chifuwa chili pamtunda kapena ndi vesiti yokha, monga amachitira madzulo pakhonde ku Nchalo, kumeneko ayi. Atenge mabuluku atatu a thonje opepuka, malaya anayi a kolala otakasuka, awiri mwa iwo a manja aatali oti azipinda, matisheti awiri ndi kabudula mmodzi. Jinzi ikhale imodzi yokha ya pabasi, chifukwa ikanyowa imatha masiku awiri isanaume. Majezi a mpira ndi poliyesita yekhayekha, asadalire amenewo. Chinthu chimodzi choti chisalowe n'komwe m'chikwama ndi chovala chamawangamawanga chofanana ndi cha asilikali, kaya buluku, chipewa kapena jekete ya pa kaunjika: ku Tanzania munthu wamba saloledwa kuvala zimenezo ndipo zikhoza kumugwiritsa. Auzeninso kuti asayambe ndi iwo kutambasula dzanja popereka moni kwa mayi wachisilamu, adikire mayiyo ayambe, ndipo inu awiri zogwiranagwirana pagulu muzisiye.

Chodabwitsa n'chakuti paulendo wopita kotentha, chomwe chimazunza anthu a m'chigwa ndi kuzizira. Basi ikadutsa Jenda imakwera Chikangawa. Mukawoloka Songwe n'kulowa Kasumulu, msewu umakwera mapiri a Tukuyu mpaka pafupi ndi Mbeya, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kenako Makambako, Mafinga ndi Iringa, konseko kokwera ndi kozizira usiku, ndiponso mu Febuluwale kumagwa mvula. Thupi lozolowera Nchalo limanjenjemera pamenepo. Sitima yochoka ku Dar es Salaam imatenga maola pafupifupi awiri ndipo m'kati mwake makina oziziritsa mpweya amakhala otsegula kwambiri. Zipinda za misonkhano m'mahotela n'chimodzimodzi. Aliyense atenge juzi imodzi yotsegula kutsogolo ndi sokosi, ndipo zikhale m'chikwama cha m'manja. Zikakhala m'sutikesi yomwe ili pansi pa basi, simudzazionanso mpaka m'mawa.

Nsapato zikhale mapeyala atatu: zotseka zafulati za kumaphunziro, masandasi a malamba ogwira chidendene oyendera, ndi patapata wa kubafa. Zonse zikhale zoti mwaziyendera kale sabata ziwiri, pakuti mapazi amatupa pabasi ndi m'kutentha, ndipo nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba. Zazitali zidendene n'zosathandiza m'tinjira ta Stone Town, tomwe n'topapatiza, tokumbikakumbika ndiponso toterera mvula ikagwa. Kumbukiraninso kuti polowa m'nyumba za anthu nsapato zimatsala pakhomo, ndiye zikhale zosavuta kuvula. Tinjira tomweto galimoto sizilowa, katundu mudzanyamula nokha kuchokera pomwe takisi yaima. Sutikesi yapakatikati yosapitirira makilogalamu 15 ndi yokwanira munthu mmodzi.

Mukapita kugombe, monga ku Nungwi kapena ku Paje, mukaona azungu atavala zosambira zokhazokha. Zimenezo zimathera pamchenga wa hotela pomwepo. Mukangotembenukira kumudzi kapena kumsika, mangani chitenje ndi kufunda mapewa. Ngati mukufuna kulowa m'madzi, tisheti yakuda ndi kabudula wofika m'mawondo n'zokwanira. Yoyera ikanyowa imaonetsa zonse. Kugombe la kum'mawa madzi akaphwa amasiya miyala yakuthwa ndi tinyama takuda taminga italiitali tomwe timathyokera m'phazi, choncho musayendemo opanda nsapato zapulasitiki zogwira phazi.

Musananyamuke, fufuzani ngati masiku anu sakugwera m'mwezi wa Ramadan. Mweziwu umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo zaka zino ukugwa cha kumayambiriro kwa chaka. Ukakhala mweziwo, kavalidwe kamakhwima: manja aatali, mpango pafupi. Kudya, kumwa madzi ndi kusuta poyera masana n'kosayenera ngakhale kwa mlendo, ndipo malo ambiri odyera amatseka mpaka dzuwa litalowa. Botolo la madzi likhale m'chikwama, muzimwera pobisika. Lachisanu lililonse masana masitolo ambiri amatseka kwa kanthawi anthu akapita kokapemphera. M'mizikiti yambiri ya kumeneko munthu wosakhala Msilamu salowa, musayesere pokhapokha mwaitanidwa. Ngati Lamulungu likakupezani komweko, matchalitchi alipo: la Katolika la St Joseph, ndi la Anglican la Christ Church ku Mkunazini, lomwe linamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Limeneli lili ndi chibale ndi chigwa chathu, chifukwa amishoni a Anglican a UMCA anasamukira ku Zanzibar mu 1864, patapita zaka ziwiri Bishopu Charles Mackenzie atamwalira kufupi ndi Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Chilundu chanu cha kumaphunziro ndi duku n'zokwanira kupempherera.

Pa kalongedzedwe, zovala muzizikulunga ngati mphasa m'malo mozipinda. Zimatenga malo ochepa ndipo sizikwinyika kwambiri. Nsapato pansi, sokosi m'kati mwa nsapato, zilundu pamwamba. Chenjerani ndi majumbo. Kuyambira pa 1 Juni 2019 dziko la Tanzania linaletsa majumbo apulasitiki onyamulira katundu, ndipo akhoza kukulandani pachipata. Timatumba toonekera totseka pakamwa tosungira sopo ndi mankhwala ndi tololedwa. Zovala zofunika kuchapa ndi nsapato muziike m'mapilokesi akale awiri. Mabotolo a loshoni ndi shampu mumange pakamwa ndi tepi, poti kutentha kwa pansi pa basi kumawafufumitsa n'kutayikira. M'chikwama cha m'manja mukhale zosintha za tsiku limodzi, mswachi, kathaulo, tishu, mapadi, mankhwala anu onse, tchaja ndi juzi ija. Masoketi a magetsi ambiri kumeneko ndi a mabowo atatu ofanana ndi athu, tchaja yanu ikagwira. Ambulera yaing'ono yopinda imathandiza pa dzuwa ndi pa mvula pomwe. Singano, ulusi ndi mapini otsekera anayi musaiwale. Chikwama chachikulu cha katundu wa ku Kariakoo mukagule komweko pobwerera, musawoloke nacho nyanja kawiri, ndipo malisiti onse musunge kuti mukaonetse a MRA pa Songwe.

Chizolowezi chosunga ndalama mu bra kapena pa mfundo ya chitenje chisiyeni kunyumba. Thukuta limanyowetsa ndalama, ndipo kupisa dzanja pachifuwa pamaso pa wogulitsa wamwamuna n'kochititsa manyazi kumeneko kuposa kuno. Sokani kathumba ka nsalu ka zipi komanga m'chiuno pansi pa siketi, kosungira pasipoti ndi ndalama zazikulu, pasipotiyo ili m'kathumba kapulasitiki kotseka kuti isafufume ndi thukuta. Zogulira tsiku limenelo zikhale m'kachikwama kopachika modutsa pachifuwa, kali kutsogolo, makamaka m'chipwirikiti cha ku Kariakoo. Amalawi safuna visa pokacheza ku Tanzania, koma pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndipo chikalata chongowolokera malire sichingakufikitseni pachilumba. Pasipoti ikhale pafupi potsika sitima, chifukwa padoko la Zanzibar a zolowa ndi kutuluka amaionanso. Kuyambira mu Okutobala 2024 Zanzibar inayamba kufuna kuti alendo ochokera kunja agule inshuwalansi ya boma lawo. Funsani okonza maphunziro kapena ofesi ya kazembe wa Tanzania ku Lilongwe za mtengo wake ndi amene akulipirireni. Omwewo muwafunse ngati pali tsiku la mwambo lofuna kavalidwe kapadera, kapena ulendo wokaona midzi. Ngati mapulani asintha n'kukwera ndege yodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, n'kukhalitsa pabwalo maola opitirira 12, akhoza kukufunsani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, yemwe amabayitsa masiku 10 ulendo usanachitike.

Popeza zovala n'zochepa, muzichapa madzulo alionse, osadikira kuti ziunjikane. Tengani sopo wamtanda, chingwe cha mamita atatu ndi mapegi ochepa. Mukachapa, yalani chovala pa thaulo louma, mukulunge, mupondeponde kuti thaulo limwe madzi, kenako muyanike pansi pa fani. Mukapanda kutero, bulauzi yochapa usiku m'mawa imakhala ikadali yonyowa. Chovala chachinyezi musachitsekere m'sutikesi, chimanunkha ndi kuchita timadontho takuda tosachoka. Zoyanika panja muzisite mbali zonse, zam'kati zomwe, chifukwa ntchentche ija yoikira mazira pa zovala, yomwe mphutsi zake zimalowa pakhungu, kumeneko ilikonso.

Za thanzi, pitani kuchipatala kukatsala sabata zinayi ngati muli oyembekezera, kapena wina mwa inu ali ndi BP, shuga, mphumu, kapena amamwa ma ARV. Pemphani mankhwala okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera, akhale m'mabotolo awo olembedwa, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Mapiritsi a BP okodzetsa amachititsa thupi kutaya madzi msanga m'kutentha, insulin amawonongeka akatenthedwa pansi pa basi, ndipo Bactrim ndi doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Adokotala akuuzeni chochita, musasiye mankhwala panokha. Tengani mapaketi asanu a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi a m'botolo, Panado, mapulasitala a matuza, mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 a kumaso ndi m'khosi, ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET wa 20 mpaka 30 pa 100. Ngati mumachita chizungulire pagalimoto, gulani mapiritsi ake ku famase mumwe kukatsala ola limodzi kukwera sitima. Muziyang'ana mkodzo: ukada ndi kuchepa, madzi akuperewera. Munthu akayamba mutu waukulu, kusanza, kufooka ndi kukokana kwa minofu, mukhazikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumupatse ORS pang'onopang'ono. Akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, muthireni madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti muone ngati asintha.

Tizilonda ta thukuta timatha tokha mukamasamba madzi ozizira, kupukuta bwino m'mapindikiro a khungu ndi kuvala zotakasuka. Koma tikayamba mafinya, kapena pansi pa mabere ndi m'mphechepeche pakafiira n'kumanyeka, kapena kumaliseche kukayamba kuyabwa, pitani ku famase kapena kuchipatala, chifukwa pamenepo pafunika mankhwala opaka, paudala sathandiza. Udzudzu wa malungo mumaudziwa kale, muzigona m'neti monga kwanu. Koma ku Dar es Salaam ndi kugombe kulinso matenda a dengue, omwe udzudzu wake umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, m'miyendo ndi m'mikono. Apa manja aatali ndi siketi yaitali zimagwira ntchito yachiwiri. Thupi likatentha muli komweko kapena m'sabata ziwiri mutabwerera ku Nchalo, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze achipatala komwe munali. Podikira zotsatira imwani Panado yekha, osati aspirin kapena Brufen, chifukwa ngati ndi dengue mankhwala awiriwo amawonjezera ngozi yotaya magazi.